Tebo ya Uladi Ikamazizira

Galimoto ya mwana wanga ndinayamba kuimva m'kamwa mwa anthu. Chinali chaka cha 1989, ine ndili pa siteshoni ya Nkaya ndi dengu langa la matemba, ndikulimbana ndi mayi wina amene amafuna basera woposa mulu umene wagula. Sitima itaima, anatsika Esime, mnzanga wogulitsa tomato, ndipo moni sanapereke n'komwe.

"Abiti Swaibu, mwatibisira! Che Uladi agula galimoto inu osatiuza?"

"Uladi wake uti?"

"Muli nawo angati? Wanu yemweyo. Ili pa Chiyendausiku, pabwalo pa apongozi ake, m'mbali mwa msewu wa phula. Aimangira ndi chisakasa chomwe. Aliyense wodutsa pa basi akuthyola khosi."

"Ndikudziwa," ndinatero, ngakhale sindimadziwa kanthu. Manja anga anangoyamba kuwola matemba okha. Mayi uja anapita ndi basera wa tsikulo ndi wa mawa lake yemwe.

Uladi ndi mwana wanga mmodzi yekha wamwamuna. Aakazi ndili nawo, ndipo akamwini anga onse ndi a njinga zomangirira ndi mphira. Uladi anagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre, kuyendetsa mzungu wina wokonza zamadzi. Mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira galimoto yake pa mtengo wapachibale, ndipo Uladi anabwera nayo kuti azinyamula anthu a hayala pakati pa Balaka ndi Liwonde. Anakwatira Saida, mwana wa Abiti Sumani, ndiye anakamanga komweko kuchikamwini. Zimenezo sindinadandaule nazo. Mwana wamwamuna umalerera ena. Bambo ake, malemu Che Mohamedi, nawonso anachoka kwawo ku Chikweo kudzamanga kwathu kuno, ndipo ine sindinawalirire amayi awo.

Koma mwambo unanena za khasu ndi nkhwangwa. Za galimoto sunanene.

Anabwera nayo ku Nkaya Lachisanu lina atatuluka ku mzikiti. Ndinamva ana akukuwa kuchokera kunjanji, ndinatenga mkeka n'kutuluka. Kunena zoona, poiona koyamba ndinakhumudwa. Inali Pijo ngati zomwe zija amakwera mabwana a ku boma ndi akazi awo ndi ana awo, zitseko zinayi, ndipo sinali yatsopano. Kungoti matayala anali otakata, ndipo kumbuyo kunali zilembo zonyezimira. Ine sukulu ndinangoilawa, koma ana anandiwerengera: tebo.

Inaima pakhomo panga penipeni. Ine chilili ndi mkeka wanga. Anansi anatuluka. Che Goliati, wokhoma ndowa uja, anasiya ndi nyundo yomwe. Tonse tikudikira kuti mwana atsike apereke moni kwa amake.

Mwana osatsika. Injini ikulira, iye ali khale, manja pa chiwongolero, akundimwetulira kuseri kwa galasi ngati nduna ya boma.

Ndinapita kukagogoda pagalasipo.

"Kodi miyendo waisiya ku Chiyendausiku?"

Anatsitsa galasi. "Pang'ono pokha amayi, izizire kaye."

"Izizire ikulira? Unaona kuti moto ukuzizira uku ukusonkhezera?"

"Iyi ndi ina, amayi. Thupi ndi limodzi ndi zinazo, koma mtima ndi wina. Pambali pa injini pali tebo, kachitsulo kooneka ngati nkhono. Kamazungulira ndi utsi, n'kumapopera mpweya mu injini ngati mvukuto wa osula. Ndi kamene kamaipatsa liwiro. Ndiye kamatentha mpaka kufiira. Ndikazimitsa nthawi yomweyo, oyilo amaima n'kupserera momwemo. Bwana uja anachita kundilumbiritsa."

"Ndiye amako aime padzuwa chifukwa cha nkhono?"

Anthu anaseka. Uladi anasekanso, koma makiyi sanawakhudze mpaka nthawi yake itakwana. Atatsika anagwada bwinobwino, anandipatsa shuga ndi sopo, anadya, koma ine mtima unali utada kale. Dzuwa lisanalowe anati akubwerera, poti kuno kulibe poigoneka.

Ndipo zinali choncho ulendo uliwonse. Afike, aime, akhale m'menemo. Che Goliati anayamba kundiseka.

"Abiti Swaibu, mwana wanu uja amayamba wapempha chilolezo kwa galimoto kuti akuoneni?"

"Inu khomani ndowa zanu zodonthazo. Wanu amapempha kwa ndani, woyenda pansi uja?"

Ndinawayankha, koma zinandilowa. Ndinasiya kutuluka. Ndikamva yafika ndimakhala m'nyumba, kumapeta mpunga wopeta kale, mpaka injini itakhala chete. Ndinalamula akamwini anga kuti amange chisakasa choposa cha ku Chiyendausiku, mitengo yake ya mlombwa wakugwa wokha. Anamanga. Munkagona mbuzi.

Chimodzi chokha chimanditonthoza. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'tchire. Polankhula amatembenukirana misana kapena kutuma mwana. Ndiye ndimati, Abiti Sumani aisunge galimotoyo, aisesere pansi, aithamangitsire nkhuku, koma kukwera sadzakwera. Ali ngati galu wolondera thumba la mpunga.

Ndi Esime yemweyo amene anadzandiphera ndi kachitonthozo kameneko.

"Ndawaona ndi maso angawa pa Balaka. Kutsogolo! Chigongono chili pazenera, mpango ukuuluka."

"Ukunama. Pambali pa mkamwini?"

"Manyazi anathetsa kalekale, inu muli m'tulo. Poyamba amakhala kumbuyo atafunda chitenje kumutu, poti kalilole wa dalaivala uja amawaonetsa maso ndi maso ndi Che Uladi. Ndiye Che Uladi anamutembenuzira kudenga kalilole uja, mwaulemu. Tsiku lina pobwerera m'mbuyo anatsala pang'ono kugunda ngolo. Akuluakulu anati iyayi, ulemu umenewu utiphetsa. Abiti Sumani anapha nkhuku, Che Uladi anagula chitenje, anapatsana pamaso pa ankhoswe, basi. Pano amacheza ngati munthu ndi mlongo wake."

Nkhuku imodzi. Ine ndinamuyamwitsa mwana ameneyu mpaka akuyenda. Ndinam'bereka kumsana ndikuthamangira mazenera a sitima ndi mbale ya matemba pamutu. Wina wangopha nkhuku, mwina yachitopa, wagula mpando.

Tsiku limenelo ndinakangana ndi aliyense. Ngakhale mnyamata wa chipani wofunsa makhadi pachipata cha msika anangoona khadi langa chapatali n'kundisiya.

Anthu atakolola, uthenga unabwera kuchokera ku Chikweo woti abale a malemu amuna anga akonza sadaka, chakudya chija timaphika powakumbukira ndi kuwapempherera akufa. Che Mohamedi anamwalira chaka chinacho ndipo anakaikidwa kwawo. Kumeneko kuli alamu anga a Zaina, mlongo wawo, amene chikwatiwire ine sanandionepo ngati munthu. Ankati mchimwene wawo anakatola mkazi wonunkha nsomba. Ndipo nthawi zonse ndimafikako monga iwo amafunira: pamwamba pa lole ya thonje, nsidze zili mbuu ndi fumbi, kotsalako wapansi, nsapato zili m'manja.

Ndinati ulendo uno a Zaina andiona. Ndidzafika ndili kutsogolo, pambali pa mwana wanga, ndipo adzachita kunditsegulira chitseko. Ndinagula chitenje chatsopano ndi mpango wake, ndipo mmwenye wa pa Balaka amene anandigulitsa sadzandiiwala, poti anachita kutuluka thukuta.

Uladi anadzanditenga m'mawa. Ndinakhala kutsogolo, mpando wofewa ngati chiwindi. Kuchoka ku Nkaya kukafika ku Balaka msewu ndi wamabampu, ndipo otiona anali mbuzi ndi anthu otola thonje, koma ndinati palibe kanthu, kutsogolo kuli anthu. Tinakhotera ku Chiyendausiku kukatenga Saida. Ndimadziwa kuti amake akubweranso, poti iwo ndi amene analonjeza thumba la mpunga wa pa sadakapo. Ine mpando ndinali nditaukhala kale, ndiye ndinalibe nkhawa.

Abiti Sumani anatuluka m'nyumba akutsimphina. Mayi ameneyu ndi wonenepa, wolankhula mofatsa, ndipo amamwetulira ngakhale akukuponda. Anabwera molunjika ku chitseko changa.

"Salaamu aleikumu, asewere. Mwayenda bwanji?"

"Aleikumu salaamu. Tayenda bwino. Kumbuyoko malo alipo ambiri."

"Eee, alipo. Koma bondo langali, asewere. Kumbuyo silipindika. Ndiponso ndikakhala kumbuyo ndimachita nseru."

"Tafunani ndimu."

Ndinayang'ana Uladi kuti alankhule. Mwana wanga, mwamuna wandevu zake, anatsika n'kukayamba kumenya matayala ndi phazi, limodzilimodzi, ngati akuwafunsa maganizo. Saida anathawira kukatenga mapoto.

"Inutu mwakhalapo kale kuchokera ku Nkaya," anatero Abiti Sumani. "Kwatsalaku mukanandisiyira."

"Sadaka ndi ya mwamuna wanga. Galimoto ndi ya mwana wanga. Inu chanu n'chiyani pamenepa?"

"Changa ndi mpunga basi," anatero akumwetulira. "Koma musavutike. Ngati bondo landikaniza, nditsala. Mpungawo ndidzapita nawo ndekha likadzapola."

Ndinayang'ana thumba lija lili pakhonde, losokedwa bwino. Kufika ku Chikweo ndi galimoto yopanda mpunga, a Zaina akanaimba nyimbo mpaka chaka chamawa. Apa ndinadziwa kuti ndakumana ndi wamalonda mnzanga. Ndinatsika, ndinamanga chitenje bwino, tinaima maso ndi maso.

"Nenani mtengo wanu," ndinatero.

"Mpaka pa Ntaja. Inu mudzamalize kotsalako."

"Ntaja! Kuteroko mwadya nyama yonse, ine mwandisiyira fupa. Mpaka pa mphambano ya ku Mangochi."

"Asewere, pamenepo ndi pomwe pano. Munthu angalavule malovu n'kufikapo. Nsanama."

"Mlatho wa Liwonde."

"Kuwoloka kapena kusawoloka?"

"Kuwoloka. Pomwe phula lathera, inu mutsike. Kuyambira pamenepo mpaka pakhomo pa a Zaina ndi panga, ndipo bondo lanulo lisadzalankhulenso."

"Chabwino asewere. Phula langa, fumbi lanu."

Anavomera msanga. Ine ndakhala pamsika moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuti wogula akavomera msanga, wabedwa ndiwe. Koma ndinawerengera m'mutu: gawo lawo lalifupi, langa lalitali, ndipo kofika ndi kwanga. Ndinalephera kupeza pomwe andidyera. Ndinalowa kumbuyo, pakati pa Saida ndi mapoto.

Titangokwera pa phula, Abiti Sumani anakhazikika ngati ali pakhonde pawo. Bondo lija linapindika bwinobwino.

"Bambo," anatero Abiti Sumani poitana Uladi, "asewere anaimvapo mbalame ija?"

"Sanaimvepo. Msewu wa ku Nkaya sulola."

"Aa, ndiye ipatseni moto aimve."

Uladi anasintha giya n'kuponda. Poyamba sipanachitike kanthu, galimoto inangokhala ngati ikuganiza. Abiti Sumani anakweza chala.

"Ikubwera... ikubwera... iyo!"

Ndinamva kamluzu kochokera kutsogolo, kakang'ono, kakukwera, ndipo nthawi yomweyo china chake chinandikankhira mumpando ngati munthu wandigwira mapewa. Mapoto analira. Mitengo ya malambe inayamba kuthawira m'mbuyo. Tinadutsa basi ngati yaima. Kutsogolo kunali Pijo ina, yofanana ndi yathu ngati mapasa, m'kati muli bwana wa tayi ndi banja lake. Uladi anayang'anitsitsa kaye nambala yake kuti aone ngati si ya boma kapena ya akuluakulu a chipani, poti amenewo sapitirira. Ataona kuti ndi ya munthu wamba, anapondanso. Kamluzu kaja kanalira, bwana uja anatsala kukamwa kuli yasa.

"Thupi limodzi, mtima wina!" anakuwa Abiti Sumani akuwomba m'manja.

Mawu a mwana wanga, m'kamwa mwa mayi ameneyu. Ndipo anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene aseka chinthu chomwecho kambirimbiri. Ndinakweza maso n'kuona kalilole uja. Munali maso a Uladi okha, atatsinzinira ndi chimwemwe. Maso amenewo ndimawadziwa. Ndi amene ankachita ali kamwana, sitima ya ku Nayuchi ikamalowa pa Nkaya, iye akudumphadumpha atagwira chitenje changa. Ndinali ndisanawaone zaka zambiri. Ndimayesa anatha ndi ukulu. Kani alipo, kungoti amawaonetsa kwina.

"Amayi, gwirani apa," anatero Saida chapansipansi, akundionetsa chogwirira. Mwana ameneyu alibe chifukwa, ndi wabwino. Koma ndinam'kankha dzanja.

Pa mlatho wa Liwonde panali apolisi ndi anyamata a chipani. Tinatulutsa makhadi. Wapolisi wina wachinyamata anaizungulira galimoto, anawerenga zilembo zakumbuyo, anaimba mluzu, kenaka anawerama pazenera la Abiti Sumani.

"Amayi, mwabereka. Mwana wotere ndi wosowa."

Mukuganiza anakana? Anangoweramitsa mutu mwamanyazi n'kunena kuti, "Ndi Mulungu."

"Wobereka ali kuno ndi mapoto!" ndinakuwa. "Amenewo anangopha nkhuku!"

Wapolisi anasuzumira kumbuyo, anandiona, anaona mapoto, n'kutiuza kuti tizipita. Tinawoloka Shire.

Pomwe phula linathera ndinamenya mpando wa Uladi. "Ima. Malire ndi ano." Abiti Sumani anatsika osatsutsa, anayambanso kutsimphina pozungulira galimoto. Mpando ndinaupeza wofunda ndi thupi lawo. Ndinayalapo kansalu kanga.

"Tiye," ndinatero. "Iimbe mbalame ija."

"Pano iyayi, amayi. Galimotoyi ndi yaifupi. Ndikathamanga pamiyala iyi tisiya matumbo ake pamsewu."

Ndipo tinayamba kukwawa. Msewu wa ku Ntaja unali ngati malata, mano amachita kugundana. Dzuwa linalowera pagalasi lakutsogolo n'kukhala pamiyendo panga. Tikatsegula mazenera, fumbi. Tikatseka, ng'anjo. Lole ya thonje inatidutsa, anthu ali pamwamba akutibayibitsa, n'kutisiyira mtambo wofiira. Munthu wina wa njinga anayenda nafe limodzi mpaka anatopa ndi kucheza. Uladi sanasekenso. Anali atakunga nkhope, maso pa maenje, akutukwana chamumtima. Ndikamulankhula amangoti, "Mm." Kumbuyo Abiti Sumani, wa nseru uja, anali akuliza mkonono, mutu uli paphewa pa mwana wake.

Apa m'pamene ndinaona pomwe andidyera. Ine amene ndimadziwa kuika matemba akuluakulu pamwamba pa mulu, ndinagula mulu poona kutalika kwake. Mayi uja anatenga galimoto yeniyeniyo, ndi mwana wanga woseka. Ine anandisiyira ngolo ya zitseko zinayi ndi dalaivala wokwiya.

Ndinalimba mtima. Ndinati kofika ndi kwanga.

Titayandikira Chikweo tinapeza mchenga wautali pakhwawa louma. Uladi anati tigwiritse. Anaiponda, injini inabangula, kamluzu kaja kanalira tsopano, koma kulira kwa mbalame yogwidwa pa ulimbo. Galimoto inavina uku ndi uku, mchenga ukuwaza, fungo la chitsulo chotentha likulowa m'kati. Tinatuluka mumchengamo. Uladi anapukuta thukuta ndi kofia yake.

Pakhomo pa a Zaina panali anthu ngati pamsika. Amuna a mikanjo yoyera pansi pa mitengo ya mango, mashehe ali pamkeka wawo, amayi ali piringupiringu ndi nkhuni ndi madzi. Atangoona galimoto, zonse zinaima. Ndinakonza mpango. Ndinatulutsa chigongono pazenera. Uladi anaimika pakati pa bwalo.

Injini ikulirabe.

Ndisanaganize n'komwe, chitseko chakumbuyo chinatseguka. Abiti Sumani anatsika, atagona tulo tawo tokwanira, nkhope ili see. Amayi onse anathamangira kwa iwo, poti ndi amene anali pansi. A Zaina anawakumbatira. Saida anatsegula buti, anyamata ananyamula thumba lija, ndipo ndinamva mawu akuyenda pabwalo ponse: "Mpunga wa Abiti Sumani! Thumba lathunthu!" Anawagwira mkono, poti bondo linali layambiranso, n'kupita nawo pakhonde, pamkeka watsopano.

Ndinagwira chotsegulira chitseko. Ndinati nditsike ndikawauze anthu amenewa kuti mkazi wa malemu ndi ndani, ndi kuti anabereka mwini galimoto ndi ndani.

"Tsikani amayi," anatero Uladi. "Musachedwe chifukwa cha ine. Yatentha kwambiri ndi mchenga uja, nditsala pang'ono."

Ndinam'cheukira. Anali atatsamira, manja pa chiwongolero, monga ankachitira pakhomo panga ine ndili kunja ndi mkeka. Koma tsopano ndimamuona cham'kati. Tsitsi la pafupi ndi khutu linali litayamba imvi. Mwana wanga, imvi, ine osadziwa.

"Kodi umatani muno wekha nthawi yonseyi?"

"Palibe. Ndimangomvetsera."

"Apongozi ako amakhala nawe ikamazizira?"

"Iyayi. Amatsika isanaime n'komwe. Amati muno mumatentha ngati mophikira njerwa. Saida nayenso sapirira. Palibe amene amadikira."

Ndinachotsa dzanja pachitseko.

Munali motentha zoona. Injini imalira pansipansi, mpando ukunjenjemera pang'ono. Kunja anthu amalankhula koma mawu awo amamveka ngati ali kutsidya la mtsinje. Tinakhala. Ine sindidziwa kukhala chete, aliyense pa Nkaya angakuuzeni, koma ndinakhala.

"Bambo akanaikonda," anatero Uladi patapita kanthawi. "Ndimafuna ndidzawatenge ndiwayendetse pa phula. Ndinachedwa."

"Akanakuuza kuti uchepetse liwiro. Bambo ako amaopa ndi njinga yomwe."

Anaseka. Osati kwambiri, koma maso aja anatsinzinira. Pambali panga, popanda kalilole.

Ndinam'konza kolala ya malaya, inali itapindika. "Sakukudyetsa bwino kumene kuja. Taona khosi."

"Amandidyetsa, amayi."

"Ndati sakukudyetsa."

Wina anagogoda pagalasi. A Zaina. Anali atazindikira tsopano kuti mlamu wawo sanatsike, ndipo anthu ayamba kufunsa. Anaima padzuwa, mkeka uli m'khwapa, akuwerama kuti andione. Kumbuyo kwawo amayi ena anasonkhana, ndi ana, ndi amuna ena a mikanjo, onse akuyang'ana mayi amene wakhala kutsogolo osatekeseka. Pakhonde paja Abiti Sumani anatsala ndi mwana wawo yekha, akusuzumira.

Ndinatsitsa galasi pang'ono, pongokwana mawu.

"Alamu, takulandirani," anatero a Zaina. "Simutsika kodi?"

"Pang'ono, alamu. Izizire kaye."

"Izizire ikulira?"

"Iyi ndi ina. Simungaidziwe." Ndinakwezanso galasi.

Uladi anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Tsono tamvera," ndinatero. "Pobwerera, phula ndi la apongozi ako. Ndinagulitsa ndekha, sindibweza. Adye mluzu wawowo. Koma ichi ndi changa. Ukafika pa Nkaya, usadzandiimikenso pakhomo ngati wopempha mchere. Uziliza hutala, ine ndizibwera kudzakhala pano mpaka izizire."

"Chabwino, amayi."

"Usavomere msanga, ndimakayika. Ndipo mayi uja asadzamve kukoma kwake. Akadzafunsa, uziti mumatentha."

"Mumatenthadi."

"Eya. Uzitero."

Anatambasula dzanja kuti agwire makiyi. Ndinalimenya.

"Yazizira, amayi. Kalekale."

Ndinayang'ana a Zaina ali chilili padzuwa, thukuta likutsika m'khosi. Ndinayang'ana pakhonde, pomwe Abiti Sumani anali ataimirira tsopano, bondo litapola, khosi litatalika. Kenaka ndinatsamira bwinobwino pampando.

"Sinazizire," ndinatero. "Ndikuimva ine."